MAKINA ANZERU NDI MVULA YOBZALIRA

Mau amene analankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi, kwa alimi ndi mafumu a ku Chembe ndi midzi ina ya kwa Nankumba, m'boma la Mangochi.

 

Masiku apitawa ndinali pa bwalo ku Chembe. Titatha kukamba za mizere ndi manyowa, mkulu wina anaimirira nati, "Alangizi, ana athu ati masiku ano kuli makina odziwa tsiku limene mvula idzagwa, ndiponso ouza munthu nthenda imene yagwira mbeu yake. Kodi nzoona, kapena ndi nkhambakamwa chabe za ana a sukulu? Ndipo ngati nzoona, nanga bwanji makinawo sitinawaone kale lonseli?" Ndinawayankha mwachidule, pakuti dzuwa linali litapendeka ndipo anyamata anali kufulumira kukakonza nyali ndi chilimira. Koma funsolo linali la nzeru, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzaliyankha bwino pa wailesi kuti ena onse amve nao.

Yankho lalifupi ndi ili: nzoona, makinawo alipo. Chimene chasintha m'zaka zochepa zapitazi ndi chakuti ayamba kugwira nchito msanga kwambiri, ndi magetsi ochepa, ndiponso ndi ndalama zochepa. Kale anali a maiko olemera okha, koma tsopano ena a iwo akwana m'lamya ya m'manja imene mwana wanu ali nayo m'thumba. Tsono tiyenera kudziwa bwino chimene angatichitire ndi chimene sangathe, pakuti mbeu imene mwagula ndi ndalama za usipa ikapserera m'nthaka, sibwereranso m'thumba.

KODI MAKINAWA NDI OTANI?

Pa Chizungu amawatcha Artificial Intelligence, kapena mwachidule AI, ndiko kunena kuti nzeru zochita kupanga. Ine ndiziti makina anzeru. Mulibe mzimu m'menemo, mulibenso matsenga. Ndi kompyuta imene yaphunzitsidwa poionetsa zitsanzo zambirimbiri.

Taganizani za msodzi wokalamba wa pa gombe la Chembe. Iye akayang'ana mitambo ndi kayendedwe ka mafunde, amauza anyamata kuti, "Lero musapitirire Domwe, mwera ulikudza." Wamuuza ndani? Palibe. Koma wakhala akupenya nyanja zaka 50, ndipo m'mutu mwake mwasungika kuti kumwamba kukaoneka chotere, chotsatira chimakhala chakutichakuti. Makina anzeru aphunzira chimodzimodzi. Akawaonetsa zithunzi zikwizikwi za masamba odwala ndi masamba abwino, amayamba kusiyanitsa. Akawaonetsa mbiri ya nyengo ya zaka zambiri, amayamba kudziwa chimene chimatsata mphepo ndi mitambo yakuti. Kusiyana kwake nkwakuti msodzi asunga nzeru zake m'mutu, pamene makina asunga zao m'manambala osawerengeka, ndipo pa funso lirilonse ayenera kuchita masamu ochuluka zedi asanayankhe. Apa ndi pamene panagona bvuto lonse kuyambira kale.

CHIFUKWA CHAKE LIWIRO LIRI LOFUNIKA

M'chaka cha 1950, ku America, akatswiri anayesa kwa nthawi yoyamba kulosera nyengo ndi kompyuta. Kompyutayo inali kutchedwa ENIAC, inadzaza chipinda chachikulu, ndipo inali yolemera matani pafupifupi 30. Kuti apeze nyengo ya maola 24 akudza, nchitoyo inawatengera pafupifupi maola 24 omwewo. Mwaona nanga? Yankho linali kufika mvula itagwa kale. Uthenga wotere uli ngati munthu wodzakuuzani kuti anyani alowa m'munda mwanu pamene atatha kale chimanga nabwerera kuphiri.

M'chaka cha 2008, katswiri wina wa ku Ireland, dzina lake Peter Lynch, pamodzi ndi mwana wake, anatenga masamu omwewo a 1950 nawaika m'lamya ya m'manja ya Nokia. Lamyayo inawamaliza sekondi imodzi isanathe.

Komabe kulosera nyengo bwino kunakhalabe nchito ya makina akuluakulu, pakuti akatswiri anali kuonjezera masamu chaka ndi chaka kuti zolosera zikhale zoona. Bungwe la maiko a ku Ulaya lotchedwa ECMWF, limene zolosera zake zimathandiza dziko lonse lapansi, liri ndi makompyuta odzaza nyumba yaikulu ku Bologna, m'dziko la Italy. Makina otere afuna magetsi ndi ndalama zimene dziko ngati lathu silingazipeze msanga.

Makina anzeru naonso anayamba ndi njala yomweyo ya magetsi. M'chaka cha 2024, nyumba zosungira makompyuta pa dziko lonse zinadya pafupifupi gawo limodzi ndi theka mwa magawo 100 a magetsi onse a pa dziko lapansi. Chifukwa chake akatswiri anakhala pansi kufunafuna njira zakuti nchito yomweyo ichitike msanga ndi mphamvu zochepa. Ndikuuzeni njira zinai zimene anapeza, ndipo mudzaona kuti zonse zinai inu mumazidziwa kale kumudzi.

NJIRA ZINAI

Yoyamba ndiyo kuchulukitsa manja. Munthu mmodzi, ngakhale akhale wamphamvu chotani, sangatonole nkhokwe ya chimanga tsiku limodzi. Koma mukaitana mudzi wonse, yense ndi chitsononkho chake, dzuwa lisanalowe nchito yatha. Kompyuta wamba iri ngati munthu wamphamvu uja, imachita masamu motsatizana. Koma kuli tizipangizo tina totchedwa GPU, timene poyamba tinapangidwira masewera a zithunzi, ndipo m'kati mwake muli tiantchito zikwizikwi togwira nthawi imodzi. M'chaka cha 2012 ophunzira a ku University of Toronto, ku Canada, anaonetsa kuti tizipangizo tiwiri totere, ta kampani ya Nvidia, tingaphunzitse makina kuzindikira zithunzi kuposa njira zonse zakale. Kuyambira pamenepo makampani akhala akupikisana kupanga tizipangizo tofulumira koposa.

Yachiwiri ndiyo kuleka kuwerenga zosafunika. Pogulitsa usipa pa thandala, kodi alipo amene amauwerenga umodziumodzi? Iai, mumayesa ndi ndowa, ndipo wogula ndi wogulitsa onse amakhutira. Akatswiri anapeza kuti manambala a m'makina anzeru safunika kulembedwa mwatsatanetsatane. Nambala imene inali kutenga malo 16 ingathe kufupikitsidwa kuti itenge malo 4, ndipo makinawo ayankhabe pafupifupi chimodzimodzi. Potero makina achepa kanai, ndipo akwana m'chipangizo chaching'ono.

Yachitatu ndiyo yakuti wamkulu aphunzitse wamng'ono. Msodzi wokalamba uja anataya zaka 50 pophunzira nyanja, koma mdzukulu wake akamayenda naye m'bwato angatole zofunika zambiri m'zaka zitatu. Chomwechonso amayamba apanga makina akulu okwera mtengo, kenaka makina akuluwo aphunzitsa ang'onoang'ono. Ang'onowo sadziwa zonse, koma pa nchito imodzi imene aphunzitsidwa, monga kuzindikira matenda a mbeu, amakhoza bwino.

Yachinai, mafumu, ndiyo yanu. Pa bwalo pakafika mlandu wa malire a munda, simuitana mudzi wonse kuti ulankhule. Muitana akulu awiri kapena atatu amene adziwa pamene panali mtengo wa malire, ena onse akhala chete. Makina atsopano amangidwa chomwecho. Kampani ya ku China yotchedwa DeepSeek inatulutsa makina ake m'mwezi wa Disembala 2024 okhala ndi manambala 671 biliyoni, koma pa liu lirilonse limene alemba amadzuka 37 biliyoni okha, otsalawo ali gone. Potero magetsi sapita pachabe.

Zotsatira zake nzodabwitsa. Akatswiri a ku Stanford University anawerengera kuti nchito ya makina oyankha mafunso imene mu Novembala 2022 inali kulipidwa madola 20, pofika Okutobala 2024 inali kulipidwa masenti 7 okha. Ndiko kutsika koposa ka 280 m'zaka ziwiri. Mukanamva kuti feteleza watsika mtengo chotero, bwenzi mutabvina usiku wonse. Ili ndilo yankho la funso la mkulu uja lakuti bwanji sitinawaone kale: anali okwera mtengo, ndipo anali ochedwa.

ZA NYENGO

Tsopano tibwere ku zimene zikhudza khasu lanu. Inu nonse mudziwa kuti mvula yoyamba ya mu Okutobala, chizimalupsa, siyobzalira. Koma bvuto lalikulu limadza mu Novembala ndi Disembala, pamene mvula yagwa yooneka yokwanira, mitima iri m'mwamba, mnansi wanu wayamba kale kubzala, ndipo inu simudziwa ngati ipitirira kapena idula. Ife alangizi timati mvula yobzalira ndi imene yagwa mamilimita pafupifupi 25 m'masiku atatu, ndipo pambuyo pake sipatsata ng'amba ya masiku 10. Gawo loyambalo mungalione ndi maso, ndiponso pokumba ndi khasu kuti muone pamene chinyezi chalekezera. Koma gawo lachiwirilo, la masiku 10 akudza, ndani analiona? Ndi pamenepo pamene mbeu zambiri za kuno kunyanja zimafera, pakuti nthaka yathu ya mchenga siisunga madzi ndipo dzuwa lake ndi loopsa.

Mu Novembala 2023, kampani ya Google DeepMind inalengeza za makina anzeru otchedwa GraphCast, amene anaphunzitsidwa ndi mbiri ya nyengo ya zaka 39. Makinawa alosera nyengo ya masiku 10 mphindi imodzi isanathe, pa kompyuta imodzi yokha, pamene njira yakale itenga maola pa makompyuta mazanamazana. Powayesa, anaposa njira yakaleyo pa zinthu 9 mwa 10 zirizonse. Pa 25 Febuluwale 2025 bungwe la ECMWF lija linayamba kugwiritsa nchito makina anzeru akeake tsiku ndi tsiku, ndipo linanena kuti magetsi amene adya polosera ndi ochepa pafupifupi ka 1,000 poyerekeza ndi njira yakale.

Chifukwa cha kupepuka kumeneku, dziko losauka lingathe tsopano kudzilosera lokha nyengo pa kompyuta yaing'ono. M'chaka cha 2025 Nthambi ya Boma yoona za Nyengo ndi Kusintha kwa Nyengo kuno kwathu inayamba kuyesa njira imeneyi mothandizana ndi anzao a ku Norway. Chaka chomwecho Boma la India linatumiza mauthenga a pa lamya kwa alimi 38 miliyoni, owauza nthawi imene mvula yao idzayamba, ndipo makina anzeru anaoneratu kuti mvulayo idzaima panjira masiku angapo isanafike ku madera ena. Alimi amene anamva uthengawo anali ndi mpata wodikira.

Sitinaiwale namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kumwera. Sitinaiwalenso ng'amba ya mu 2024, pamene pa 23 Malichi Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa tsoka la njala, chikhalirecho chaka chomwecho nyanja inadzaza nilowa m'nyumba za m'mphepete. Nyengo yasokonezeka, ndipo zizindikiro zimene makolo athu anali kudalira sizikwananso pazokha. Chenjezo lofika masiku asanu lisanagwe tsoka ndi chuma chachikulu kwa mlimi, ndipo kwa msodzi amene ali pakati pa nyanja ndi bwato, ndi moyo weniweni.

ZA MATENDA NDI TIZILOMBO

Chinthu chachiwiri ndicho kuzindikira adani a mbeu. Mbozi zachilendo zija zodya mtima wa chimanga, zimene ambiri azitcha nchemberezandonda, zinafika m'dziko muno m'nyengo ya ulimi ya 2016 ndi 2017, ndipo mu Disembala 2017 Boma linalengeza tsoka m'maboma 20 chifukwa cha izo. Ambiri tinachedwa kuzizindikira pakuti sitinazione ndi kale lonse.

Akatswiri a ku Penn State University ku America, pamodzi ndi bungwe lofufuza za ulimi la IITA, anapanga makina anzeru otchedwa Nuru, amene pa Chiswahili ndiko kunena kuwala. Mlimi aloza lamya pa tsamba la chinangwa, ndipo Nuru imuuza ngati ndi khate la chinangwa kapena nthenda ija yooletsa mizu. Izindikiranso kadyedwe ka mbozi pa chimanga. Chokoma chake nchakuti makinawa anachepetsedwa kufikira kukhala m'lamya momwemo, kotero kuti agwira nchito ngakhale kumunda kumene kulibe intaneti. Inu amene minda yanu iri kuseri kwa mapiri mudziwa kufunika kwa chimenechi.

Kuno kwathu, m'chaka cha 2024, bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa makina otchedwa Ulangizi m'midzi ya kufupi ndi Lilongwe. Munthu afunsa pa WhatsApp m'Chichewa, polemba, polankhula kapena potumiza chithunzi, ndipo mayankho ake achokera m'buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi. Ine sindichita nao nsanje makinawa. Mlangizi mmodzi ayang'anira mabanja oposa 1,000, ndipo njinga yanga singafike pa khomo lirilonse mbozi zisanathe munda. Ngati mlimi angapeze yankho loyamba tsiku lomwelo, ndi bwino ndithu.

PAMENE MAKINA APHONYA

Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mverani tsono pamene makinawa aphonya.

Choyamba, aona chokhacho chimene mwawaonetsa. Chaka chatha mnyamata wina wa m'dera langa anajambula masamba achikasu a chimanga cha amai ake, nafunsa makina ena a pa lamya. Makinawo anati chimangacho chasowa feteleza. Amaiwo anali pafupi kugulitsa mbuzi kuti akagule thumba lina. Mwamwai anayamba andiitana, ndipo nditafika ndinapeza kuti m'mizere monse mwamera kaufiti, amene amayamwa chakudya ku mizu ya chimanga. Makina sananame, pakuti masambawo anaonetsadi njala, koma sanaone wakuba amene anali pansi. Mankhwala a munda umenewo anali kuzula kaufiti asanachite maluwa, kuthira manyowa, ndi kubzalamo mtedza chaka chotsatira. Mbuzi ija ikali m'khola.

Chachiwiri, makina olosera nyengo agawa dziko m'mabwalo akuluakulu. GraphCast ija bwalo lake limodzi ndi la makilomita pafupifupi 28 mbali iriyonse. Ndiko kuti mudzi wa Chembe, zilumba za Thumbi ndi Domwe, mapiri ndi minda ya kuseri kwake, zonse zingathe kulowa m'bwalo limodzi. Koma inu mudziwa kuti mvula imatha kugwa ku Monkey Bay, ku Chembe kuli gwaa. Makina anena za dera, sanena za munda wanu.

Chachitatu, makina aphunzira ku zimene zinalembedwa kale. Ku Ulaya malo oyesera mvula ndi mphepo ali paliponse, pamene kuno ku Africa ndi ochepa ndi otalikirana. Mwana amene anakulira kumtunda sangadziwe mpoto monga mwana wa pa gombe. Ndiponso chinthu chimene sichinachitikepo kawirikawiri, monga namondwe wamkulu zedi, makina amakonda kuchichepetsa mphamvu.

Chachinai, makina oyankha mafunso sachita manyazi. Munthu akapanda kudziwa kanthu amakanda m'mutu, ndipo inu muona kuti akukayika. Koma makina nthawi zina ayankha zolakwa ndi mau okoma ndi olimba, ngati kuti adziwa. Pa nkhani ya muyeso wa mankhwala, kulakwa kotere kungaphe mbeu, ziweto, ngakhale munthu.

Ndionjezenso chimodzi. Uthenga wa nyengo ukati mwai wa mvula ndi magawo 70 mwa 100, sikuti walonjeza mvula. Tanthauzo lake nlakuti pa masiku 10 ooneka chotere, mvula imagwa masiku 7, ndipo masiku 3 siigwa. Tsono ikapanda kugwa musati wailesi yanama, ndi kuleka kumvera. Mlimi amene atsata uthenga wotere zaka zonse adzapindula kawirikawiri kuposa amene angotsata mnansi wake.

ZOTI TICHITE

Tsopano ndipempha mafumu ndi anyakwawa kuti mugwire mfundo zisanu ndi imodzi izi, ndipo mukazikambe pa bwalo mvula isanayambe.

1. M'mudzi uliwonse sankhani anthu awiri okhulupirika amene ali ndi lamya, mwamuna ndi mkazi, kuti azilandira mauthenga a nyengo ndi kuwalengeza. Ndati mkazi dala, pakuti kuno kunyanja abambo ambiri amagona pa madzi, ndipo amene agwira khasu ndi amai. Uthenga ukathera pa gombe, sunafike kumunda. Ndipo mverani mauthenga okhawo ochokera ku Nthambi ya Zanyengo, pa wailesi kapena kudzera kwa alangizi. Uthenga wa pa WhatsApp wosadziwika mwini wake musaukhulupirire.

2. Musanabzale yesani zinthu zitatu. Kumbani muone ngati chinyezi chalowa pansi ndithu. Mverani zolosera za masiku akudzawo. Funsaninso akulu amene adziwa mphepo ndi mitambo ya kwanuko. Zitatuzi zikabvomerezana, bzalani tsiku lomwelo osazengereza, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbeu imodzi pa phando. Zikatsutsana, dikirani pang'ono, kapena bzalani gawo la munda ndi kusunga mbeu ina. Kuno kumene mvula imatha msanga, mbeu zocha msanga ndizo zoyenera.

3. Samalani choyesera mvula. Ngati pa sukulu kapena pa ofesi ya zaulimi ya kwanu pali choyesera mvula, chikhale m'manja mwa mfumu monga chitsime cha mudzi. Ana asaseweretse, ndipo wakuba mabatire kapena magalasi a dzuwa pa malo oyesera nyengo aweruzidwe monga wakuba m'nkhokwe ya mudzi wonse. Pakhale munthu wolemba m'kope tsiku ndi tsiku mvula imene yagwa. Manambala amenewo ndiwo chakudya cha makina. Tikapanda kulemba nyengo yathu, makina adzapitirira kudziwa za Ulaya koposa za Nankumba.

4. Yenderani munda sabata iriyonse chimanga chikangomera. Imani pa malo asanu otalikirana, ndipo pa malo alionse yang'anani mapesi 10 m'kati mwa mtima wake. Mukaona timabowo pa masamba kapena zitosi zonga utuchi, jambulani chithunzi pa kuwala, chapafupi, ndipo jambulaninso phesi lonse ndi nthaka yake. Mbozi zikali zazing'ono zimagonja msanga. Kuzitola ndi manja ndi kuphwanya mazira ake kumathandiza, ndipo alimi ena amathira mchenga kapena phulusa m'mtima wa chimanga, ena msuzi wa usipa woitana nyerere kuti zidye mbozizo.

5. Musagule mankhwala kapena kugulitsa chiweto chifukwa cha mau a makina okha. Yambani mwaonetsa mlangizi yankholo, ndipo werengani zolembedwa pa botolo. Mukatha kupopera musatsuke mpope m'nyanja. Madzi amenewo ndi omwe timwa, ndipo nsomba za mbuna zimene alendo amadzera kutali kudzaziona, zimene zinachititsa kuti dera lino likhale nkhalango yotetezedwa mu 1980, sizipirira mankhwala.

6. Chenjezo la mwera kapena mpoto likamveka, a komiti ya pa gombe alilengeze mabwato asananyamuke, ndipo mfumu iwathandize kuti mau ao amveke. Ndidziwa kuti kugona pamtunda usiku umodzi ndi kutaya ndalama. Koma usipa udzakhalapo mawa, pamene mwana womira sabwerera.

Potsiriza ndibwerere kwa mkulu uja wa pa bwalo la ku Chembe. Bambo, makina amene ana anu anena alipodi, ndipo chaka ndi chaka alikufulumira ndi kutsika mtengo. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, tsono timlandire. Koma mlendo sadziwa pamene pali chulu m'munda mwanu, kapena mbali imene madzi amadikha, kapena phiri limene limatsekereza mvula. Zimenezo mudziwa ndinu. Mfunseni mlendoyo, pakuti safunsa anadya phula, koma mukamva yankho lake, tengani khasu mukaone nokha.

Amene muli ndi mafunso, kaonaneni ndi mlangizi wa m'dera lanu, kapena perekani funsolo kwa anyakwawa kuti adzatipatse pa msonkhano. Sabata ya mawa, nthawi yonga yomweyi, tidzakamba za kasungidwe ka chinyezi m'minda ya mchenga.